Khoma Lomwe Adazira Fainesi

Ndiye ndimati, munthu uja atangotsika pagalimoto adavula chipewa, osati kuvulira ine, koma kuvulira khoma la nyumba yanga. Ayi, a Sajeni akuti ndiyambe ndi dzina. Chabwino.

Ine, Mailosi Mvula, wa zaka 46, wa m'mudzi wa Kapachika kudera la Mlolo, mlimi komanso wofolera nyumba amene denga lake silinadonthepo chilandirire ufulu, ndikunena izi lero Lachisanu pa 20 Ogasiti 1982 pa polisi ya Chadiza. Mkazi wanga, Fainesi, ali m'chitokosi cha pompano kuyambira dzulo.

Lachiwiri pa 11 Meyi, cha m'ma 9 koloko m'mawa, pakhomo panga padaima galimoto. Mudatuluka a Dokotala Maybin Sikazwe. Si dokotala wa jakisoni ayi, ndidawaonetsa bondo langa koma adalephera. Adati amaphunzitsa ku yunivesite za kamangidwe ka nyumba ndi mbiri ya zojambulajambula. Fainesi adali kumunda kukumba nsawa.

Khoma lomwe adalivulira chipewa ndi la kukhonde, mayadi anayi m'litali. Padali maluwa ofiira a masamba asanu, mbalame ziwiri zoyang'anizana, ndi mzere wokhotakhota pansi pake. A Dokotala adaliyeza ndi tepi. Kamera idalira mpaka nkhuku zanga zidasiya kuikira sabata yathunthu. Adafunsa kuti adajambula ndani. Ndidawauza kuti ndi agogo anga a Nambewe, omwe adamwalira mu 1979, munthu womaliza m'dziko muno kudziwa zimenezi. Mbalamezo ndi mafuko awiri a Achewa, mzerewo ndi njira yomwe makolo adadzera. A Dokotala adalemba masamba asanu ndi limodzi. Ndidawaphunzitsa maola awiri, ine wa Sitandade 3.

Mu Julaye a Jonasi Sakala, tcheyamani wa chipani kwathuko, adandipeza ndili padenga la sukulu, iwo atanyamula kalata m'manja. Adati a Dokotala aphunzitsa kale katatu za khoma langa, ndipo pa 19 Ogasiti abwera ndi ophunzira awo komanso a Bwanamkubwa kudzachita semina pakhonde panga. Semina ndi kuphunzira kokhala pansi n'kumatsutsana, ngati mlandu wa mbuzi. A Jonasi adakuwa ali pansi kuti, "Khoma lija tsopano ndi la dziko, wamva?" Adauza ine, padenga. Fainesi sadamuuze. Inenso nditafika kunyumba ndidangoti, "Amake Lonia, kukubwera alendo akuluakulu, mukonze pakhomo." Za khoma sindidatchule.

Lachitatu pa 18 ndidapalasa njinga kubwera kuno ku boma kuti ndidzalondolere magalimoto. Lachinayi tidanyamuka 8 koloko, ine kutsogolo m'Landirova ya a Bwanamkubwa, chigongono pawindo. Ophunzira 22 adali m'basi pambuyo. Tidafika 10 koloko.

Bwalo lidali losesedwa mpaka kumsewu. Amayi ankaimba. Khoma lidali lozira kumene ndi mtsiro wotuwa, kuyambira pansi mpaka pamwamba, losalala ngati dzira. Duwa panalibe, mbalame panalibe.

A Dokotala adakhala pamtondo. Chipewa chidagwa, sadachitole. A Jonasi adafunsa yemwe wachita zimenezi. Fainesi adagwada nati, "Ndine, bambo. Ndayamba dzulo m'mawa." Adamufunsa chifukwa chake. Iye adati, "Ndilandire a Bwanamkubwa pakhoma lothimbirira ndi utsi, la zitosi za nkhuku? Akaziti kwa Mvula kulibe mkazi?" Amayi onse adavomera. A Sajeni, kwanu akamabwera alendo amayi anu sazira? Lembani kuti a Sajeni aseka. Akuti salemba.

A Dokotala adaimirira n'kuphunzitsabe mphindi makumi anayi, akuloza khoma lopanda kanthu ndi ndodo, kwinaku wophunzira mmodzi atanyamula chithunzi cha mu Meyi. Ophunzira ankayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana khoma, n'kulemba. Mtsikana wina wamagalasi adafunsa ngati kuzira si mbali ya luso lomwelo. A Dokotala adati funsolo lidikire ku Lusaka. A Bwanamkubwa adayang'ana wotchi katatu, nakwera galimoto osalawa kanthu.

Cha m'ma hafu leveni a Jonasi adati, "Mayi uyu wanyazitsa chipani pamaso pa alendo." Adamukweza Fainesi m'galimoto la apolisi omwe adabwera nafe, manja ake adakali ndi mtsiro m'zikhadabo. Njinga yanga idali kuno ku boma, ndiye ndidatsatira wapansi, makilomita omwe ndisawatchule chifukwa mudzati ndikuwonjeza.

Lero m'mawa a Jonasi andipatsa pepala pakhomo la polisi pano kuti ndisaine, lonena kuti Fainesi adatumidwa ndi adani a chipani. Ndakana. Khadi lachipani ndili nalo, nali. Fainesi adatumidwa ndi ine, ndipo ndidamutuma kukonza pakhomo. Ndimulepheretse kuzira nyumba yomwe ndidamanga ndekha, mitengo ndidadula ndekha, udzu adamweta yekha? Dziko lidabwera liti kudzatunga madzi a dothi limenelo? A Jonasi abweretse mapepala khumi, ndisaina zero.

Tsopano a Sajeni andiwerengera mlandu wake. Akuti ndi kuwononga dala chinthu chakale cha dziko, ndipo Lolemba apita naye ku khoti ku Chipata. Ndafunsa ngati mlandu ukhalapobe chinthucho chikapezeka kuti si chakale. Akuti ayi.

Ndiye bwererani m'mbuyo, a Sajeni, pomwe pali agogo anga. Dulani mzere. A Nambewe sadajambulepo ngakhale nyerere, ntchito yawo idali fodya wam'mphuno ndi kutukwana mbuzi. Khoma lija adajambula Fainesi mu Ogasiti chaka chatha, ndi katondo, phulusa ndi makala. Maluwa ndi mbalame adaonera pa beseni lamalata lomwe ndidamugulira ku Chipata. Mzere wokhotakhota ndi pomwe padali mng'alu, ankaubisa. Amazira ndi kujambula zatsopano chaka chilichonse tikatha kukolola. Beseni lilipo, timasambiramo m'manja. Tumani wapolisi akalitenge. Za khoma sindidamuuze chifukwa akadandifunsa kuti ntchito yake ndidaiperekeranji kwa akufa, ndipo Fainesi akafunsa funso denga limagwedezeka.

Ngati kunamiza munthu wa madigiri anayi ndi mlandu, tsekulani chitseko icho, atuluke iye ndilowe ine. Koma kupepesa chifukwa cha khoma sindipepesa. Mtsiro ukauma ajambulanso, mbalame zinayi akafuna. A Dokotala akabwera ndi kamera yawo, chipewa adzavulire Fainesi Mvula, ndipo ophunzira 22 aja akafufute dzina la agogo anga m'makope mwawo alembe lake.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo tsopano zonse ndi zoona.

Wosaina: Mailosi Mvula