Maliro a Mzungu Wamoyo

Maliko, khukhi wa mzungu wogula thonje pa boma la Chikwawa, adatopa nako kugona yekha kuseri kwa nyumba ya bwana, mkazi wake Priska ndi khanda ali kwawo kudambo. Ndiye adaitana a Fanuel, atsibweni ake a Priska, amene pakamwa pawo ndiye padali chilolezo chotengera mkaziyo, kuti adzakhale naye Loweruka ndi Lamulungu, adzionere okha kuti mwana wawo adzakhala pabwino.

A Fanuel adatsika m'bwato ndi mtolo wa milamba youma, nakwera mtunda mpaka pamzere wa nyumba za azungu. Pamenepo adaima, natula mtolo pansi.

"Akamwini," adanong'ona, "bwanji simudatumize mthenga?"

"Mthenga wa chiyani, bambo?"

"Wa zovutazi. Watisiya ndani?"

"Palibe watisiya. Kuno kumangokhala chonchi."

"Masiku onse?"

"Masiku onse," adatero Maliko atatukumula chifuwa. Bata limeneli ndilo ankalidalira kuti limupezera mkazi. "Tamverani nokha. Kulibe mtondo, kulibe mbuzi, kulibe tambala."

A Fanuel adatchera khutu kumanja, natchera kumanzere.

"Ii! Zidatha zonse?"

"Sizidathe. Siziloledwa."

"Tambala saloledwa kulira?"

"Saloledwa kukhala."

"Nanga kumacha bwanji?"

"Kumangocha kokha."

"Popanda wokuuza?"

Maliko adanyamula mtolo uja natsogola. Atafika kunyumba ya bwana, mazenera adali otseka, mipando ya pakhonde itafunditsidwa nsalu kuopa fumbi. A Fanuel adaiyang'ana mipandoyo nthawi yaitali.

"Eni nyumba ali kuti? Ndiwalonjere."

"Kulibe. Akupuma."

"Tonsefe tikupuma, akamwini. Ine ndikupuma, inu mukupuma. Ndafunsa kumene ali."

"Sindikunena kupuma kwa m'mphuno. Adadwala malungo, ndiye adapita kukapuma."

"Ahaa. Malungo."

"Pang'ono chabe."

"Amayamba pang'ono. Adapita ndi miyendo yawo?"

"Ayi, adawanyamula."

"Adawanyamula," adabwereza a Fanuel, akugwedeza mutu.

"Pa machila! Mzungu sakwera phiri ndi miyendo."

"Atakhala tsonga kapena atagona?"

"Atagona. Pa machila munthu amagona."

"Onyamulawo ankaimba?"

Maliko adazengereza. Bodza likadamuthandiza apa, koma iye adali munthu wa nkhutukumve, wofuna kupambana mlandu ndi choonadi chokhachokha.

"Amachila amaimba nthawi zonse."

"Adawafunditsa?"

"Kansalu koyera. Ka udzudzu."

"Adalowera kuti?"

Maliko adaloza mapiri. "Kumwamba uko."

"Mulungu awalandire."

"Kumtunda, bambo! Ku Kabula! Kuno kutentha, adafuna kukazizidwa!"

"Amazizira ndithu," adavomera a Fanuel. Adamasula mtolo, natulutsa milamba iwiri yaikulu, naipereka ndi manja awiri. "Ndidabwera nayo ngati ndiwo. Landirani ikhale chipepeso."

"Sindilandira."

"Chisoni chimatero. Ndiika apa."

Kunyumba yoyandikana nayo, dona wa mzungu wina adali pakhonde, atavala zoyera, maso ali m'buku, osatekeseka.

"Wamasiye ndi uyo?"

"Uyo ndi wa nyumba ina. Mwamuna wake alipo."

"Ali kuti?"

"M'nyumba. Wagona."

"Dzuwa lili pamutu?" A Fanuel adagwira pakamwa. "Awiri!"

"Wagona tulo!"

"Nanga mayiyu palibe wodzakhala naye? Alibe abale? Alibe anzake a kumpingo?"

"Safuna anthu. Loweruka azungu amafuna kukhala okha."

"Nkhabe, izo sizingatheke. Munthu sasiyidwa yekha pa zotere. Ndipite ndikangokhala pansi pakhonde pake, sindiyankhula."

Mpongozi sagwiridwa mkono, choncho Maliko adangothamanga nakaima kutsogolo kwawo. A Fanuel akapita uku, iye ali pomwepo. Akabwerera uku, iye ali pomwepo. Adavina choncho mwakachetechete mpaka mkuluyo adatopa nakhala pa mwala.

"Ndifunse za mdzukulu wanga. Akabwera kuno, akafuna kulira?"

"Adzalira chapansipansi."

"Mwana wa Priska?"

"Tidzamuphunzitsa."

"Mudamumvapo akulira?"

Maliko adali asadamumve mwana wake akulira kuyambira tsiku lomutulutsa m'chikuta, ndipo funsolo lidamubaya. Ankawasowa awiriwo, kuwasowa kwenikweni, moti nthawi zina ankapezeka akuyankhula ndi mbale potsuka.

Lamulungu m'mawa Maliko adadzuka ndi mtima woyambiranso nkhaniyo bwinobwino. Adawapeza a Fanuel atakhala pansi kutsogolo kwa khonde la bwana, miyendo atatambasula, maso ali psuu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Wodzuka ndi amene adagona. Kopanda chule, kopanda mvuu, munthu angagone bwanji? Ndimangomva mtima wanga ukugunda." Adakhosomola, nakonza kukhosi. "Ndaganiza, akamwini. Mzungu ndi munthu. Ngati abale ake alephera kumulira, ndiyambitsa ine, ena atsatira."

"Bambo, chonde."

"Mayo ineee..."

"Shhh!"

"Mwatisiya ndi yaniii..."

"Bambo! Andichotsa ntchito!"

A Fanuel adatsegula diso limodzi. "Akuchotsani ndani?"

"Bwana!"

"Uti?"

Maliko adayang'ana nyumba ya dona, nayang'ana mpongozi wake amene adali atakokanso mpweya. Ndipo munthu amene adalimbikira choonadi tsiku lathunthu adagonja.

"Chabwino. Adafa."

"Eya."

"Adafa, tidaika, tidalira, tidameta. Zonse zidatha. Simufunikanso kulira."

"Takhuta, tathokoza. Mukadanena dzulo." A Fanuel adapukuta m'maso mouma, naimirira. "Tsopano kulungani mphasa yanu."

"Ndipite kuti?"

"Kwathu. Wophikiridwa wafa, muphikira ndani? M'bwato malo alipo. Munda wa apongozi anu aakazi ukudikira khasu, ndipo denga la nkhokwe likudontha."

"Koma ntchito yanga..."

"Idapita pa machila."

"Nanga Priska kubwera kuno?"

"Adzatani pamanda?"

"Si pamanda!"

"Mwanena nokha kuti mudaika."

"Ndimafuna mukhale chete!"

"Ndiye mudapha munthu kuti ine ndikhale chete?"

Apa china chake chidaduka m'mutu mwa Maliko. Chaka chathunthu adayenda chonyang'ama pamalo pano, kutsokomolera m'malaya, kuyetsemulira m'dengu. Zonsezo zidatulukira pakamodzi.

"SADAFE!" adakuwa. "Bwana sadafe! Ali ku Kabula, akudya, akumwa tiyi, akubwera! Uyo wagona m'nyumbamo sadafe! Donayo si wamasiye! Palibe maliro! Anthu ano ali ndi moyo, amangodana ndi phokoso basi! PHO-KO-SO!"

Mawuwo adakagunda nyumba yomalizira nabwerera. Galu amene palibe yemwe ankadziwa kuti alipo adayamba kuuwa, wina namuyankha. Mazenera adatseguka. Dona adagwetsa buku. Mwamuna wake adatulukira pakhomo tsitsi lili nyankhalala, nkhope itafiira, akukalipa m'chizungu. Akhukhi ndi olima maluwa a nyumba zonse adasuzumira kumipanda.

A Fanuel adaonerera zonsezo mwachidwi, manja ali kumbuyo.

"Uyo ndi amene adagona uja?"

"Ndi yemweyo," adatero Maliko ndi mawu osasa.

"Wadzuka bwino. Ali ndi mphamvu." Adayang'ana uku ndi uku akugwedeza mutu. "Agalu alipo. Anthu alipo. Akamwini, ndavomera. Ndidalakwa ine. Kuno kulibe maliro."

Mtima wa Maliko udadumpha. Ntchito mwina idali itapsa, koma mkazi adali atamupeza. Adagwada, nawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Ndiye Priska abwera, bambo?"

A Fanuel adatola milamba yawo iwiri ija pakhonde, naibwezera mumtolo, namanga.

"Malowa alibe mlandu. Ndi abwino, aulemu, anthu ake ofatsa. Mwana wathu akadakhala bwino ndithu."

"Nanga tsono?"

"Vuto ndi inu, akamwini," adanong'ona mkuluyo, akusenza mtolo. "Sitingapereke mwana wathu kwa munthu waphokoso chonchi."