Bawuti ya Pansi pa Maluwa

Kwathu kuno ku Ballyduran, dzuwa likati liwala masiku atatu otsatizana mlimi aliyense amathamangira kukamweta udzu wa ng'ombe, mvula isanakumbukire njira. Tsiku loyamba lenilenilo bawuti yogwira mpeni pa makina omwetera udzu a Malachy Tuohy inathyoka, ndiye Mayi Philomena Garvey, mlembi wa komiti yokongoletsa mudzi, pobwera kudzathirira maluwa anangoona miyendo ikutuluka pansi pa makina akale aja tinawapaka penti yofiira n'kuwaika polowera m'mudzi, n'kudzalamo maluwa.

"A Malachy, mukutani pansi pa maluwa a komiti?"

"Ndikugona, mayi. Kunyumba bedi lachepa."

"Kugona pano n'koletsedwa. Benchi ili apo, koma nayonso ndi yongokhalapo."

Malachy anatulutsa mutu, sipanala ili m'manja, m'tsitsi muli dothi.

"Ndikuchotsa bawuti. Imodzi yokha. Makinawa ndi anga aja ndi pachibale."

"Kusitolo kulibe?"

"Aa, kusitolo! Nzeru zimenezo ndinalibe ine. Zikomo kwambiri, mayi."

"Musathokoze. Amatseka faifi koloko."

"Ndayenda masitolo atatu kuyambira m'mawa! Mabawuti ali mbwee, koma onse omanga chakumanja. Iyi imamanga chakumanzere. Mukaikapo yakumanja, mpeni ukamazungulira imadzimasula yokha, mpeniwo n'kuuluka kukameta galu wa eni."

"Galu wa ndani?"

"Wa aliyense, mayi! Akusitolo akuti aitanitse ku Germany. Masabata asanu ndi limodzi."

"Si ambiri amenewo."

"Eya, ndikauza mvula idikire."

"Sidikira. Pa wailesi anena kuti Lachisanu masana."

Malachy anatseka maso, n'kupuma ngati ng'ombe yokhuta. Munthu ameneyu ndi liuma lenileni. Chibadwire sanapemphepo kanthu kwa munthu, ngakhale machesi. Analowanso pansi paja.

"Tulukani kaye," anatero Mayi Garvey, akugogoda nsapato yawo ndi chothirira maluwa. "Lamulo lachinayi limati chinthu cha komiti amachigwira ndi wa komiti."

"Oo! Ndiye ndilowe komiti? Ine? Ndivale kajekete kachikasu kaja, ndizitola mapepala a maswiti m'ngalande?"

"Loweruka lililonse, teni koloko." Anatulutsa kabuku ndi pensulo m'chikwama. "Mumavala saizi yanji?"

"Ya njovu!"

"Yaikulu kwambiri ilipo imodzi. Inali ya abambo mfumu aja anasamuka."

"Iii, koma mwayi wanga lero! Bwanji osangoti ndikumwetereninso m'mbali mwa msewu monse, kuyambira kutchalitchi mpaka kumanda?"

"Mpaka pamlatho. Oweruza mpikisano wa midzi yaukhondo amalowera kumeneko."

"Ndi mano kapena?"

"Ndi makina. Mano sadula mofanana."

Pensulo ija inali ikungoyenda. Malachy anadzuka n'kukhala tsonga, akuloza ndi sipanala.

"Mukulemba chiyani?"

"Zimene mukunena."

"Ndikunyoza, mayi! Kunyoza! Simukumva mmene mawu akutulukira?"

"Ndikumva bwinobwino, mukukweza mokwanira. Pitirizani."

Apa munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Koma Malachy akayamba, ndi mpopi wothyoka.

"Chabwino! Lembaninso mpanda wanga wamitengo uja mwakhala mukundilembera makalata zaka zisanu. Ndiusadze ukhale ngati bakha, alendo azijambulitsa!"

"Bakha ayi, alipo kale kwa a Hanlon. Inu mungouwongola."

"Mabenchi nawo ndiwapake penti?"

"Yobiriwira. Alipo asanu ndi awiri."

"Ndidzaphikenso tiyi tsiku la oweruzalo, nditavala epuloni yamaluwa?"

Mayi Garvey anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, pensulo ili pamlomo.

"Tiyi ayi. Ndinamwapo kwanu pa maliro a amayi anu. Mudzangonyamula mipando."

Malachy anaika sipanala pansi. Anayang'ana kumadzulo, kumene mvula yathu imachokera, ndipo mawu anawatsika.

"Philomena, tamverani. Ng'ombe ndili nazo makumi awiri ndi zinayi. Udzu uja ukanyowa, pofika Januwale ndigulitsa theka. Zina mwa izo ndinazilera ndi botolo."

Kunena zoona, ineyo ndinali pakhomo la positi ndikuseka, koma pamenepa ndinasiya. Munthuyo anamvetsa chisoni.

Mayi Garvey anatseka kabuku.

"Ndinu wa komiti tsopano. Masulani."

Malachy sanadikire kuuzidwa kawiri. Anakwawira pansi, n'kukoleka sipanala pa kamutu kofiira ka bawutiyo, n'kukunga dzanja ngati akuzula chitsa. Kanthuko kanangoti bwulu! m'manja mwawo. Anatuluka akukayang'anitsitsa, n'kukanunkhiza.

"Ichi n'chiyani?"

"Chitsekerero cha botolo la vinyo. Ndinachipaka penti ndekha."

"Nanga bawuti?"

"Ili muno." Anapisa m'chikwama, pakati pa mankhwala a chifuwa ndi korona, n'kutulutsa bawuti yopakidwa girisi, yokulungidwa m'kansalu. "Ndimaichotsa chaka chilichonse udzu ukayamba kutalika. Ndinatopa n'kupeza amuna akuluakulu atagona pa maluwa anga."

"Ndiye mwandisiya ndikugubuduka m'dothi muno, chinthucho chili m'chikwama?"

"Munati mukugona."

Malachy anatambasula dzanja. Mayi aja anaikamo bawutiyo mwaulemu wonse.

"Mukamaliza mubweze. Chaka chatha anabwereka a Hanlon."

"Hanlon! Iye munamulembera mabenchi angati?"

"Palibe. Anagogoda pakhomo, anavula chipewa, anati chonde."

"Basi?"

"Basi. Ndinawapatsanso keke."

"Ndiye inenso ndikanangoti chonde, mukanandipatsa ulere?"

"Ulere ndithu. Koma munayamba kulonjeza nokha, ndiye kumudula munthu mawu si ulemu."

Malachy anafiira mpaka m'makutu.

"Malonjezo amenewo sagwira! Zonsezo ndimanyoza, ndipo inu kunyoza simukudziwa n'komwe!"

Mayi Garvey ananyamula chothirira chawo, n'kuwongola duwa limene chigongono cha Malachy chinapinda.

"Ine? Bambo, ndinakhala m'banja zaka makumi atatu ndi munthu wolankhula ngati inu. Mukuganiza kuti holo ya m'mudzi muno anaifolera ndani?"