Kanyama ka Pamwendo ndi Thumba la Mpunga

Pa siteji ya Mlare, mayi Lettie anakhalira thumba la mpunga la eni ake, mwendo uli m'bandeji, kudikira minibasi yopita kuchipatala chachikulu. Mwini thumbalo, bambo Kassimu a ku Mangochi, pakamwa panawayabwa.

"Mayi, pamwendopa ndi galu ameneyu?"

"Dokotala. Anadula kanyama kuti akayeze. Akuti mwina mitsempha yanga ya magazi ikutupa."

"Ndiye anapeza chiyani?"

"Sanapeze kanthu. Akuti ndipitenso akadule pena."

"Sanapeze kanthu koma adulenso? Akumalizani pang'onopang'ono ngati kanyenya anthu amenewa. Bwererani kunyumba, mwachira."

"Kuchira kwake kumeneku, phazi lili dzanzi ngati lobwereka?"

"Nanga magazi sanayeze?"

"Anayeza. Akuti magazi amangolozera, satsimikiza. Matendawa amadumphadumpha mumtsempha, apa alipo, apa palibe. Ukadula pabwino umaona zabwino."

"Kubisa umbuli kumeneko. Chinthu chikakhalapo, mayi, chimaoneka pomwe wayang'anapo."

"Dada, mpunga uwu ndi kilombero?"

"Weniweni. Masulani kukamwa kwa thumbaku mununkhize nokha."

"Pamwamba ndanunkhiza kale, ngwabwino chomene. Koma m'munsimu ngakhale phazi ladzanzili likumva miyala. Tiboole pansipa tione."

"Minibasi yanu si iyo ikubwera apo?"

"Ya ku Songwe imeneyo, si yanga. Bweretsani mpeni, dada. Ine ndikukadulidwa kachiwiri, thumba lanu likuopa kamodzi kokha?"