Mfuti ya Malowolo Yatsika Mtengo

Jipi yonyamula anthu yopita ku Cotabato inachedwa monga mwa masiku onse. Pa siteji ya ku Pikit, mayi wina wachikulire anayamba kudandaulira mayi wamng'ono yemwe anali ndi katundu wambiri.

"Makolo a mkamwini wanga ndi mbava, mwanawe. Pokwatira Noraisa wanga analonjeza mfuti ya asilikali ngati malowolo. Zaka zinayi kuli zii! Abweretsa dzulo, poti yatsika mtengo."

"Yatsika? Mwamva kwa ndani, amayi?"

"Ndakafunsa ndekha kuseri kwa msika. Chaka chatha inkagula njati ziwiri zolimira. Lero akuti mbuzi zitatu, wogulayo akuchita kunyinyirika kuti zamuchulukira."

"Akumugulitsa ndani?"

"Anyamata omenya nkhondo m'nkhalango omwewo. Akufuna njinga zamoto."

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike! Inetu ndimathawa, ndinamva kuti nkhondo iyambiranso. Ikamayandikira, mfuti sipezeka ngakhale mutalira."

"Ndiye ukusangalala ine nditapusitsidwa?"

"Pepani amayi, koma ndikubwerera kumudzi. Chimanga changa chacha, ndikanasiyira anyani."

"Pita ukakolole. Ine chitsulocho ndikukawabwezera lero lomwe. Andipatse njati."