Makatoni a mu Okala ya Goliati

— Halo?

— Halo, achemwali a Dainess? Ndine Goliati, ku Namadzi kuno.

— Ii, achimwene! Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya inu ku Limbeko? Alamu? Ana?

— Tonse tilipo. Phoebe ndiye chifuwa, koma akusewera. Mvula kumeneko?

— Yangolawitsa. Achemwali, ndili pa byulo, mtsikana wa foniyu maso ali pa wotchi.

— Nenanitu. Okala ikuyenda?

— Nkhani yake ndi yomweyo. Kunabwera a msonkho.

— Aja a matikiti a mumsika?

— Ayi, akuluakulu, a mataye. Akuti munthu wodzilemba yekha ntchito salipira chaka chikatha ayi. Amayerekeza phindu la chaka chonse, nkumapereka pang'onopang'ono, miyezi itatu iliyonse.

— Ndalama musanaipeze nkomwe?

— Eya. Anafunsa buku lolembamo zogulitsa, ine ndilibe. Ndiye anati tiyerekeza ndi maso. Anayang'ana mashelefu.

— Mayo! Makatoni aja?

— Omwe aja. Si inu munandilangiza kuti okala yooneka mbee anthu salowamo? Ndinatola makatoni a sopo, a shuga, a mafuta, nkusanja mpaka kudenga. Iwo kuwerenga limodzilimodzi, ngati muli katundu.

— Inu osawatsegulira bwanji aone kuti muli mphepo yokhayokha?

— Pabenchi panali a Kalinde.

— Ati? Halo? Mukudukaduka.

— A Kalinde! A holoselo aja, amene amandipatsa shuga pangongole. Amandikhulupirira chifukwa cha mashelefu omwewo. Ndikanatsegula pamaso pawo?

— Ndiye munangokhala duu?

— Bola ndikanakhala duu. Atafunsa kuti malonda akuyenda bwanji, ndinati Mulungu akudalitsa. A Kalinde nkuwonjezera kuti mnyamata uyu ndiye nambala wani pa Namadzi pano.

— Hii! Alemba zingati?

— Naini sauzande, gawo loyamba lokha. Katundu yense weniweni m'menemo sakwana foo sauzande.

— Pitani ku ofesi kwawo, mukafotokoze. Ndi anthu, amva.

— Ndinapita Lolemba, makatoni atatu pa njinga. Ndinawatsegula pa tebulo pawo.

— Eya, ndiye?

— Bamboyo sanakalipe ayi. Anati, achimwene, katoni yopanda kanthu ikundiuza kuti sopo munagulitsa yense. Bweretsani zolemba, chaka chikatha tidzakonza. Zolemba ndizitenge kuti?

— Ambuye...

— Ndipo wina anandiona nawo makatoniwo panjira, akupepuka ngati nkhuku yakufa ndi chitopa. A Kalinde amva. Dzulo atumiza anyamata kudzatenga shuga wawo.

— Imani kaye, ndilankhule ndi alamu anu, mwina mwezi ukatha...

— Alamu a penshoni? Musawavutitse. Sindinaimbire ndalama ine.

— Nanga?

— Kiyi wa okala ndasiya kwa amayi. Sindinawauze, akudziwa kuti ndikukapikula katundu ku Lilongwe. Mudzawauze ndinu, mumatha kuyika mawu. Muzibwerako pa Sabata, miyendo ija yayambanso kutupa.

— Mukupita kuti, Goliati?

— Kukubwera lole mawa, ikutenga matenanti a fodya kupita nawo ku Kasungu.

— Ayi! A Mateyo a kwathu aja anapita konko, anabwera ndi chiyani? Bulangete limodzi ndi chifuwa!

— Ndikudziwa.

— Dikirani Loweruka, ndikwera minibasi yoyamba. Tikawachonderere a Kalinde, tisanjenso mashelefu, makatoni aja musataye...

— Sindinataye. Limodzi ndalongezamo zovala ndi mapoto. Lero lokha ndiye muli katundu.

— Musaseke, achimwene, ine misozi ili m'maso.

— Mtsikanayu wagwira kale waya. Mupatseni moni Phoebe, mumuuze kuti maswiti aja amalume adza...

— Halo? Goliati? Halo!