Pemphero la a Lingson

Pa siteji ya matola ku Chiringa, mayi wa thumba la nandolo ankacheza ndi bambo wina wovala ovolosi.

"Ine, bambo, ndikudikira pikapu ya a Lingson basi. Dalaivala woopa Mulungu! Asanalize galimoto amayamba awerama n'kupemphera."

"Kupemphera? Mayi, nthiti zanga ine! Amakhala akupapasa siwichi."

"Siwichi ya chiyaninso?"

"Yobisa. Chibwerereni matipate, akuba magalimoto achuluka. Osaidina imene ija, injini silira, olo mulumikize mawaya tsiku lonse. Ku Limbe akuba anaikankha pikapuyo mpaka thukuta kamukamu, n'kuisiya pamsewu!"

"Hede! Inetu ku Mvano ndinachita kuimirira, kuwachitira umboni!"

"Anaika siwichiyo ndine, ndi manja angawa! Pansi pa mpando, kumanzere, kuseri kwa kachitsulo. Phalombe yense palibe akudziwa!"

"Mwati kumanzere?"

"Kumanzere, mayi!"

"Koma mwakuwatu, bambo. Taonani, ogulitsa nthochi amva, a njinga amva, ngakhale abambo a chipewa ali apowo asiya kutafuna mzimbe."

"Iii! Ndakuwa kodi?"

"Mukawauze a Lingson. Kuyambira lero, akawerama azipemphera zenizeni."