Pasiwedi ya Ba Gilson

Moni kwa inu owerenga, ndipo tiyamike Mulungu amene watisunga mpaka lero.

Lachisanu lina ku Kabwata, Ba Gilson, mlembi wa mpingo, anali thukuta kamukamu pa kompyuta ya mu ofesi. Kalata yolembetsa kwaya ku chikondwerero cha nyimbo inayenera kutumizidwa pa imelo ya mpingo isanakwane 12 koloko, ndipo amayi a kwaya anali kuyeserera panja pafupi ndi zenera. Mapasiwedi onse a mpingo, mwana wa mlongo wawo Winifred, amene anali nawo mu ofesimo, anawatsekera m'pulogalamu ina ya sikirini yakuda yopanda zithunzi: munthu amalemba lamulo, kenako pasiwedi imodzi yaikulu yotsekulira onse. Imeneyo ndiyo inawathawa m'mutu Ba Gilson.

"Winifred, makina ako agontha. Ndikulemba, sakuonetsa kanthu."

"Ndi mmene amachitira, amalume. Amabisa dala kuti wina asaone."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti ndalemba? N'chifukwa chake ndimatchula mokweza ndikamalemba."

"Tchulanitu."

Ba Gilson anakweza zala ziwiri m'mwamba, nazitsitsanso. "Lero pakhosi pandiwawa."

"Mwaiwala?"

"Ine? Ine amene ndimadziwa pamtima maina a akhristu onse kuyambira Kabwata mpaka Chelstone?"

"Ndiye lembani."

Anagogoda. Makina anakana. Anavula jekete, nagogodanso mwamphamvu. Anakananso.

"Iwe, tiyerekeze munthu wina waiwala..."

"Ndani?"

"Palibe! Tikungoyerekeza. Iwe unalipo tsiku lija ndinkaisankha, ukuidziwa. Ungamuuze?"

"Awe. Munandigwiritsa Baibulo kuti ndisadzauze munthu aliyense."

"Ine ndine munthu aliyense?"

"Ndinu munthu, amalume."

"Ndine mlongo wa mayi ako!"

"Munanenanso kuti, 'Ngakhale ndibwere ineyo kudzakupempha, ukane. Ameneyo adzakhala woyesa atavala jekete yanga.'"

"Jekete ndavula, suona?"

"Woyesa ndi wochenjera, amalume."

Ba Gilson anayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi khumi. Amayi aja anayeserera miyezi itatu, mayunifolomu anasita kale. Akawauza chiyani Lamulungu?

"Chabwino, ndikukumasula ku lumbirolo."

"Sindinalumbire kwa inu. Ndinalumbira kwa Mulungu."

"Ndiuze chilembo choyamba chokha."

"Chilembo ndi chiyambi cha kuuza."

"Ndiye lemba wekha, ine nditseka maso!"

"Munati zala zanga zisadzaigwirenso."

Mkuluyo anakhala pansi kuti khwatha, nagwira mutu. "Ambuye ndikhululukireni kudzikuza. Winifred, ndaiwala. Wamva? Ndaiwala! Chinsinsi chimene ndasunga ndekha chaka chathunthu chapita, kwaya yapita nacho."

Winifred anaimirira mwaulemu, natsekula zenera. Nyimbo inaleka, nkhope makumi awiri zinatembenuka.

"Ukuchita chiyani? Ukufuna mpingo wonse umve manyazi anga?"

"Iyayi, amalume. Chaka chonse mwakhala mukuifuula pazenera pomwepa. Funsani amayiwa. Iwo sanalumbire."

Kalata inapita kutatsala mphindi ziwiri, amayi makumi awiri akuwatchulira Ba Gilson pasiwedi yawo m'mawu anayi, soprano mpaka besi.

Ambuye akudalitseni owerenga, akusungireni zinsinsi zanu, ndipo mukaiwala akupatseni mtima wovomera msanga.